Mafunso Anu: Amália Rodrigues ndi Nyimbo za Fado

Mwezi uno tasonkhanitsa makalata ofunsa za Amália Rodrigues, woimba wa ku Portugal amene anamwalira mu 1999, komanso za fado, nyimbo za mumzinda wa Lisbon zimene iye anazitchukitsa kunja kwa dziko lake. Mafunso ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndinamva pa intaneti mayi wina akuimba m'Chipwitikizi. Mawu ake anandigwira mtima ngakhale tanthauzo sindinalimve. Pansi panalembedwa dzina lakuti Amália. Anali ndani, ndipo kuimba anaphunzira kuti? (Wowerenga wa ku Lilongwe)

YANKHO: Dzina lake lonse linali Amália da Piedade Rebordão Rodrigues. M'kaundula wa boma munalembedwa kuti anabadwa pa 23 Julayi 1920 ku Lisbon, koma akubanja kwake ankangokumbukira kuti inali nyengo ya zipatso za matcheri, choncho iye ankakondwerera kubadwa kwake pa 1 Julayi. Makolo ake anali a ku Fundão, m'chigawo cha Beira Baixa, ndipo anapita ku Lisbon kukasaka ntchito. Zinthu zitakanika anabwerera kumudzi mwanayo akadali wamng'ono kwambiri, n'kumusiya m'manja mwa agogo ake akuchikazi. Anadzakhalanso ndi makolo ake ali ndi zaka 14, iwo atabwereranso m'tauni.

Kusukulu ya nyimbo sanapondeko. Ngakhale sukulu wamba anaisiya ali ndi zaka 12 chifukwa cha umphawi. Anaphunzira kupeta nsalu, anasitapo zovala za anthu, anagwira ntchito m'fakitale ya maswiti, kenako anayamba kugulitsa zipatso kudoko la Alcântara pamodzi ndi mng'ono wake Celeste, amenenso anadzakhala woimba fado mpaka atapitirira zaka 90. Zimene mukumva m'mawu a Amália anazitola m'malo atatu: nyimbo zakumudzi za ku Beira zimene zinkaimbidwa pakhomo pawo, nyimbo za tango ndi za Chisipanishi za m'mafilimu ndi pawailesi, ndiponso fado ya m'makwalala a Lisbon.

Ntchito yolipidwa anaiyamba mu 1939 pamalo otchedwa Retiro da Severa, imodzi mwa nyumba zimene anthu amadyeramo chakudya chamadzulo akumvera fado. Sipanapite nthawi, dzina lake ndilo linkadzaza nyumba, ndipo eni malo ena monga Café Luso anayamba kumulimbirana. Mu 1943 anakaimba ku Madrid, mu 1944 ku Rio de Janeiro. Mbale zake zoyamba za galamafoni anazijambula ku Brazil komweko mu 1945 ndi kampani ya Continental, osati kwawo, chifukwa amene ankamuyendetsera ntchito ku Lisbon ankaopa kuti anthu akakhala ndi mbale kunyumba asiya kulipira pakhomo.

Mu 1947 anasewera m'mafilimu awiri amene anamudziwikitsa ngakhale kwa anthu osapita kumalo a fado. Mu 1951 anayenda ku Angola, Mozambique ndi Congo, ndipo mu 1952 anaimba ku New York. Khomo lalikulu linatseguka ku France: filimu ya Les Amants du Tage ya mu 1955, mmene anaimbamo Barco Negro, inachititsa kuti aitanidwe ku Olympia, holo yotchuka ya ku Paris, mu 1956. Kuchokera pamenepo anaimba m'mayiko ambiri mpaka ku Japan, ndipo anajambulanso nyimbo m'Chisipanishi, Chitaliyana, Chifalansa ndi Chingerezi. Mu 1961 anakwatiwa kachiwiri, ndi injiniya César Seabra, amene anakhala naye mpaka bamboyo atamwalira mu 1997.

FUNSO: Ndapeza nyimbo ya Amália yotchedwa Estranha Forma de Vida, kenako ndamva bambo wina wakale akuimba chuni chomwecho ndi mawu ena. Ndani anabera mnzake? (Mphunzitsi wa nyimbo, Zomba)

YANKHO: Palibe amene anaba, aphunzitsi. Mwakhudza pamene pagona luso lonse la fado, ndiye tikhalitsapo pang'ono.

Chuni chimene munamvacho chimatchedwa Fado Bailado, ndipo anachipeka ndi Alfredo Marceneiro, kalipentala wa ku Lisbon amene anali mmodzi mwa akatswiri a fado Amália asanatchuke. Mawu a nyimbo mwatchulayo analemba ndi Amália mwini, n'kuwaika pachunicho. M'fado yachikhalidwe, imene eni ake amati fado tradicional, chuni ndi mawu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Machuni alipo oposa 100, chilichonse ndi dzina lake, ndipo woimba aliyense ali ndi ufulu woikapo ndakatulo imene wasankha malinga ngati muyeso wake ukugwirizana. Mukudziwa mmene nyimbo ziwiri za m'buku la kutchalitchi zimatha kuimbidwira pachuni chimodzi ngati mizere yake ili yofanana kutalika, n'chimodzimodzi.

Machuni atatu ndiwo akale kwambiri. Fado Menor ndi wapang'onopang'ono, wa kiyi ya minor. Fado Mouraria ndi wa major, woyenda mwapakatikati. Fado Corrido ndi wa major, wothamanga. Onse atatu amayenda pamakodi awiri okha. Kwa inu ozolowera solofa, Mouraria ndi Corrido amasinthana kodi ya do ndi ya so, pamene Menor amasinthana ya la ndi ya mi. Popeza makodi ndi ochepa chonchi, woimba ndiye amene amaumba njira ya mawu, ndipo ndime iliyonse amaisintha pang'ono potsata tanthauzo. Kumeneku amati estilar. Woimba amene amabwereza ndime zonse mofanana, odziwa fado samuwerengera.

Kuika mawu pachuni kumayenda motere. Choyamba werengani mizere ya ndime: ya mizere 4 ndi quadra, ya 5 ndi quintilha, ya 6 ndi sextilha. Kenako werengani maphatikizo a mzere uliwonse. Muyeso wofala ndi wa maphatikizo 7, koma ulipo wa 10 ndi wa 12. Mukadziwa ziwirizi, mumasankha pakati pa machuni okhawo opangidwira muyeso umenewo. Mwachitsanzo, ndakatulo ya Pedro Homem de Mello imene Amália anaiimba ndi mutu wakuti Povo que Lavas no Rio ili ndi mizere 6 ya maphatikizo 7, ndipo anaiika pa Fado Vitória wa Joaquim Campos, chuni cholandira muyeso umenewo.

Ambiri amaphonya powerenga maphatikizo. M'ndakatulo ya Chipwitikizi mumawerenga mpaka paphatikizo lomaliza lotsindika, ndipo lotsala pambuyo pake silowerengedwa. Komanso liwu likathera ndi lembo la liwu, lotsatira n'kuyambanso ndi lembo la liwu, awiriwo kawirikawiri amalumikizana n'kukhala phatikizo limodzi. Wowerenga monga zilembo zaonekera papepala amapeza maphatikizo 9 pamene mlakatuli anaika 7, ndiye amasankha chuni cholakwika, mawu n'kumapanikizana kapena kutha chuni chisanathe. Vuto lina ndi kutsindika: mzere ukhoza kukwana bwino, koma phatikizo lofooka likagwera pamene gitala akugunda mwamphamvu, liwulo limapunduka ndipo omvera salizindikira.

Ngati mukufuna kuyesa ndi ophunzira anu m'Chichewa, kumbukirani kuti ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Ndiye mzere wa muyeso wa 7 udzakhala ndi maphatikizo 8 powerenga onse, monga "ndikakumbuka kwathuko", mmene "thu" ali lachisanu ndi chiwiri.

Mtundu wina ndi fado canção. Umenewu uli ndi kolasi, ndipo chuni ndi mawu zimapekedwa limodzi osalekanitsidwa. Nyimbo zimene Frederico Valério anapekera Amália m'zaka za m'ma 1940, monga Ai Mouraria, ndi za mtundu umenewu.

FUNSO: Ndimaimba gitala. Kumbuyo kwa mayiyu kumamveka choimbira cholira mokwera ngati mandolini. N'chiyani chimenechi? Ndingatchune gitala yanga kuti izilira choncho? (Woimba gitala, Ndirande)

YANKHO: Chimenecho ndi guitarra portuguesa, gitala ya Chipwitikizi. Thupi lake ndi lobulungira, ili ndi nsambo 12 zachitsulo zoyenda ziwiriziwiri, kutanthauza magulu 6. Ya ku Lisbon imatchunidwa D, A, B, E, A, B kuyambira kunsambo zazikulu kupita kuzazing'ono. Magulu atatu ang'onoang'ono ali ndi nsambo ziwiri zolira chimodzimodzi, pamene atatu aakuluwo ali ndi nsambo imodzi yonenepa ndi ina yopyapyala yolira okitevu pamwamba. Ya ku Coimbra ndi yotalikirapo ndipo imatsitsidwa toni imodzi: C, G, A, D, G, A. Mungazisiyanitse ndi maso, chifukwa mutu wa ya ku Lisbon umapindika ngati nkhono pamene wa ya ku Coimbra uli ngati dontho la msozi.

Gitala yanu musaikokere kumeneko, achimwene. Nsambo ya gitala ya ku Lisbon imalira pautali wa masentimita pafupifupi 44, pamene ya gitala wamba ndi pafupifupi 65. B wapamwamba uja ali mafreti 7 pamwamba pa E wanu wamng'ono. Pautali wa 65 nsamboyo idzaduka musanafike, ndipo mukakoka zonse mwamphamvu choncho mukhoza kupinda khosi kapena kuzula buliji. Ngati mukufuna kungoyandikira kalilidwe kake, gitala ya nsambo 12 yokhala ndi kapo pamwamba kapena mandolini zikuthandizani, koma sizidzafanana kwenikweni.

Kalilidweko kamachokeranso kudzanja lamanja. Amaimba ndi zala ziwiri zokha, chala chachikulu ndi chamkombaphala, atavala zikhadabo zopanga zotchedwa unhas. Kale ankazisema kuchokera kuchigoba cha kamba wam'nyanja, lero ndi zapulasitiki. Chikhadabo chopangacho chimalowa pansi pa chikhadabo chenicheni n'kumangidwa pachala. Chala chamkombaphala chimakhwatcha nsambo popita ndi pobwera, ndipo n'chimene chimatulutsa timawu tothamanga tija. Chikhadabo chikakhala chachitali kwambiri chimakola nsambo yachiwiri pobwerera, chikakhala chokhwepa chimatembenuka pachala n'kumalira mokwecha.

Mukadzaigwira gitala yotereyi, samalani zinthu ziwiri. Kumutu kulibe makiyi okulungira nsambo. Kuli chitsulo chotambasuka ngati fani ya m'manja, chotchedwa leque, chokhala ndi masikuluwu 12 amene amakoka tingowe. Nsambo iliyonse imafuna kalupu mbali zonse ziwiri, ndipo kachiwiriko mumapota nokha ndi kachipangizo kake. Sikuluwu imayenda kamtunda kochepa, choncho nsambo ikatalika sikuluwu imafika kumapeto nsambo isanakwere pamene mukufuna, ikafupika siifika pangowe. Yezani ngowe itatsitsidwa pafupi ndi pansi. Chachiwiri, buliji yake ndi kafupa kosamata, kogwiridwa ndi mphamvu ya nsambo basi. Mukachotsa nsambo zonse nthawi imodzi kamasuntha ndipo gitala imanama paliponse. Sinthani imodziimodzi. Kakasuntha, yerekezani nsambo yosagwira ndi yogwira pafreti ya 12: yogwirayo ikapitirira okitevu, kankhirani kafupako kumbuyo pang'ono, ikaperewera kabweretseni kutsogolo.

Gitala yanuyo ili nayo ntchito m'fado mmene ililimo. Pambali pa guitarra pamakhala gitala ya nsambo 6 yotchunidwa mwa nthawi zonse, imene iwo amati viola, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso besi yosalumikiza kumagetsi, viola baixo. Viola ndiye amasunga nthawi. Chala chachikulu chimagunda besi pabiti, zala zitatu n'kukoka kodi pakati pa mabiti, besiyo ikusinthana pakati pa noti ya dzina la kodiyo ndi noti yachisanu kuchokera pa iyo. Yambani ndi Fado Menor mu D minor, kusinthana Dm ndi A7. Cholakwa chofala ndi kukwapula nsambo zonse ndi piki, zimene zimakwirira woimba. China ndi kutsatira woimba akachedwa dala. Iye akachedwa inu musachedwe, chifukwa akudalira inu kuti apeze pobwerera. Mumangoima pamzere womaliza, pamene iye amakoka mawu yekha, kenako n'kutseka ndi makodi awiri. Mverani Joel Pina pabesi, ndi Raul Nery kapena José Fontes Rocha paguitarra; onsewa anaimba ndi Amália.

FUNSO: Ndinawerenga kuti anthu ena ankanena kuti Amália anaononga fado. Zinatheka bwanji, pamene ena amamutcha mfumukazi ya fado? Nanga ndiyambe ndi chimbale chiti? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

YANKHO: Mkanganowo unalipodi, ndipo unali wokhudza mawu. Kale mawu a fado ankalembedwa ndi alakatuli a m'makwalala momwemo, odziwa bwino muyeso, ndipo alakatuli a m'mabuku ankaonedwa kuti ndi a anthu ophunzira. Amália sukulu sanapite nayo patali koma ankawerenga ndakatulo kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anali atayamba kale kuimba za David Mourão-Ferreira ndi Pedro Homem de Mello. Chovuta chinali chakuti ndakatulo zambiri za m'mabuku sizikwana m'machuni akale aja.

Anathetsa vutoli ndi Alain Oulman, wobadwira ku Portugal m'banja la Chifalansa, amene ankapeka pa piyano. Iye ankayamba ndi ndakatulo n'kuipangira chuni chakechake, chokhala ndi makodi ambiri osazolowereka, moti oimba magitala ena ankazitcha nyimbozo maopera. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1962, ndipo anthu amachitcha Busto chifukwa pachikuto pali chosema cha mutu wa Amália. Mu 1965 anaimba ndakatulo za Luís de Camões, mlakatuli wamkulu wa dzikolo amene anamwalira mu 1580, ndipo nkhaniyo inafika m'manyuzipepala. Ophunzira ena anati wanyazitsa Camões, okonda fado yakale anati zimenezi si fado.

Ife tikuona kuti mbali zonse ziwiri zinalakwa. Amália sanasiye machuni akale, ndipo pa Busto pomwepo pali Fado Vitória ndi Fado Bailado. Chimene anachita ndi kusonyeza kuti fado ikhoza kunyamula ndakatulo iliyonse yabwino ya chinenerocho, ndipo ambiri mwa oimba a lero akuyenda m'njira imeneyo. Mawu okoma anali nawo chibadwire, koma kusankha ndakatulo ndi kuumirira pa izo anthu akumunena inali ntchito yake.

Yambani ndi Com Que Voz. Chinajambulidwa mausiku awiri okha mu Januwale 1969 n'kutuluka mu 1970, ndi oimba magitala awiri basi, Fontes Rocha ndi Pedro Leal, choncho chilichonse chimamveka poyera. Mukatero bwererani ku Busto, kenako chimbale chojambulidwa ku Olympia kuti mumve mawu ake a m'zaka za m'ma 1950, okwera ndi owala. Lágrima cha mu 1983, cha mawu olemba yekha, chisungeni pomaliza, pamene mawu ake anali atatsika ndi kulemera.

FUNSO: Agogo anga amati fado inali nyimbo ya atsamunda, ndipo Amália anali woimba wa Salazar. Safuna kuimva m'nyumba. Kodi akunena zoona? (Wowerenga wa ku Ulongwe, Angónia)

YANKHO: Agogo anu ali ndi chifukwa chomveka, ndipo musawakakamize. Munthu amene anaona chibalo, kapena amene anali ku Tete pamene asilikali a Portugal ankapha anthu wamba ku Wiriyamu mu Disembala 1972, nyimbo zimene zinkalira m'nyumba za atsamunda sangazimve monga mmene mukuzimvera inu. Koma funso lakuti Amália anali wa boma lija lili ndi mbali zingapo.

António Salazar anatsogolera boma la Portugal kuyambira 1932 mpaka 1968, ndipo Marcelo Caetano anapitiriza mpaka asilikali atagwetsa ulamulirowo pa 25 Epulo 1974. Lamulo la mu 1927 linkafuna kuti woimba pagulu akhale ndi chiphaso, ndiponso kuti mawu a nyimbo aonedwe kaye ndi akuluakulu a boma. Zimenezi zinapha fado yakale ya antchito imene inkadandaula za malipiro ndi njala. Poyamba bomalo silinkaikonda fado, moti mu 1936 wailesi ya boma inaulutsa nkhani zotsatizana zoinyoza kuti ndi nyimbo ya anthu ogonja. Litaona kuti ikukopa alendo ndi kukometsa dzina la dziko, linayamba kuigwiritsa ntchito, ndipo Amália ndiye anali nkhope yake kunja. Iye anapindula ndi ulemu umenewo ndipo sanadzudzule bomalo poyera. Nyimbo yake ya mu 1953, Uma Casa Portuguesa, imayamikira kakhomo kosauka koma kokhutira, uthenga umene bomalo linkaukonda. Nyimboyo inapekedwa ku Mozambique komweko, ku Lourenço Marques (Maputo wa lero), ndi Artur Fonseca pamodzi ndi olemba mawu Reinaldo Ferreira ndi Vasco Matos Sequeira.

Mbali ina nayi. Pa Busto pali nyimbo yotchedwa Abandono, imene anthu anaimva kuti ikunena za akaidi andale a m'ndende ya Peniche, ndipo boma linailetsa. Mu 1966 apolisi achinsinsi a PIDE anamanga Alain Oulman, Amália anayesetsa kuti atulutsidwe, ndipo pamapeto pake boma linathamangitsira Oulman ku France. Pa Com Que Voz anaimba ndakatulo ya Manuel Alegre, amene panthawiyo anali wothawa kwawo ku Algeria chifukwa chotsutsa boma. Amália atamwalira, wolemba mabuku José Saramago anaulula kuti mayiyu ankapereka ndalama mobisa kwa achipani cha Komyunisiti chimene chinali choletsedwa.

Ulamuliro uja utagwa, anthu ena anamunena Amália kuti ankagwirizana ndi PIDE, ndipo fado yonse inazilala pawailesi kwa zaka zingapo. Umboni wa mlanduwo sunaoneke, koma unamupweteka kwambiri. Anabwerera pang'onopang'ono, ndipo mu 1985 anadzaza Coliseu dos Recreios ku Lisbon payekha.

Kuona kwathu n'kwakuti sanali womenyera ufulu, sanalinso kazitape. Anali woimba amene boma linamugwiritsa ntchito ndipo iye analola, koma amene ankasankha alakatuli ake osafunsa boma, ngakhale ena mwa iwo anali adani ake.

FUNSO: Ndimaimba kwaya ndipo ndikuphunzira Chipwitikizi. Ndikayesa nyimbo za Amália, kukhosi kumawawa ndipo anzanga amati ndikungolira. Ndikulakwitsa pati? (Mtsikana wa ku Mzuzu)

YANKHO: Mwayambira kumapeto, achemwali. Mwatengera kunjenjemera kwa mawu ake musanagwire ndakatulo. Tsatirani ndondomeko iyi.

Lembani mawu papepala, mumvetse mzere uliwonse, ndipo muwawerenge mokweza ngati mukuuza munthu nkhani, kufikira mutawaloweza. Ikani chizindikiro pamene ganizo likuthera, ndipo pamenepo ndi popumira. Kupuma pakati pa liwu, kapena pakati pa mawu awiri oyendera limodzi, ndi cholakwa chimene omvera fado sachikhululuka.

Kenako pezani kiyi yanu, osati yake. Pamene nyimbo imakwera kwambiri ndi pamzere womaliza, choncho yesani mzere umenewo poyamba. Ngati mukuufika mokoka khosi kapena mwa kuthawira kumawu apamwamba opyapyala a soprano ya kwaya, tsitsani toni imodzi kapena ziwiri. Fado imaimbidwa ndi mawu a pachifuwa, oyandikana ndi olankhulira. Kuwawa kwa kukhosi kukuchokera pokankha mawu a pachifuwawo kupita pamwamba popanda mpweya wokwanira pansi. Mawu akasasa lekani, mupume tsiku limenelo.

Ndime yoyamba iimbeni mosakometsa, motsitsa. Timapindo ta mawu tija Amália ankatiika palembo la liwu lotsindika, kawirikawiri chakumapeto kwa mzere, ndipo sankatiika paliponse. Mukapinda phatikizo lililonse mawu samvekanso, n'chifukwa chake anzanu akumva kulira kokha. Mphamvu isungireni ndime yomaliza. Phunziraninso kulowa mochedwa pang'ono gitala itagunda kale, n'kukakumana nayo kumapeto kwa mzere. Kukwaya anakuphunzitsani kulowa pamodzi ndi anzanu pabiti, koma kuno muli nokha ndipo biti ikusungidwa ndi viola.

Katchulidwe nakonso kali ndi misampha kwa ife. Achipwitikizi a ku Lisbon amameza malembo a liwu osatsindika, pamene ife timatsegula phatikizo lililonse ndi kuwonjezera lembo la liwu pamene liwu lathera ndi lopanda liwu. Mukatero mzere wa maphatikizo 7 umasanduka wa 10 ndipo sukwananso. Siyanitsaninso l ndi r, chifukwa kwa iwo zimasintha tanthauzo, ndipo s wakumapeto kwa liwu amamveka ngati sh. Dzijambuleni pafoni mukuwerenga mzere umodzi, muyerekeze ndi wake, mukonze, kenako muimbe.

FUNSO: Kodi Mariza ndi mwana wa Amália? Ndipo ndikupita ku Lisbon kukachita maphunziro, ndingakaone chiyani? (Wophunzira wa ku Blantyre)

YANKHO: Ayi, palibe ubale. Amália sanabereke mwana. Mariza, dzina lake lenileni Marisa dos Reis Nunes, anabadwa pa 16 Disembala 1973 ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, kwa bambo wa ku Portugal ndi mayi wa ku Mozambique. Anasamukira ku Lisbon ali ndi zaka 3 n'kukulira ku Mouraria. Mu 2020, pokumbukira zaka 100 chibadwire Amália, anatulutsa chimbale cha nyimbo za mayiyo zokhazokha. Mariza ndi woimba fado mnzake Carlos do Carmo ndiwo anali akazembe a pempho limene linachititsa kuti UNESCO iike fado pamndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse mu Novembala 2011.

Amália anamwalira pa 6 Okutobala 1999 ali ndi zaka 79, m'nyumba yake ya nambala 193 pa Rua de São Bento. Boma la António Guterres linalengeza masiku atatu okhuza maliro, ndipo zipani zinaimitsa misonkhano yokopa anthu ngakhale chisankho chinali pafupi. Nyumbayo tsopano ndi malo oonetsera zinthu zake, madiresi ndi mashawelo akuda amene ankavala poimba. Mu Julayi 2001 thupi lake linasamutsidwira ku Panteão Nacional, ndipo anali mayi woyamba kuikidwa kumeneko. Manda a Eusébio, katswiri wa mpira wobadwira ku Mozambique, alinso momwemo. Kuchokera pamenepo mungatsike wapansi kupita ku Museu do Fado ku Alfama, imene inatsegulidwa mu 1998, kumene mungaone magitala aja pafupi ndi mapepala a nyimbo odindidwa ndi oletsa mawu a boma lakale.

Madzulo pitani kunyumba ya fado ku Alfama, Mouraria kapena Bairro Alto. M'nyumba zikuluzikulu mumasungitsa malo ndipo pamakhala ndalama yochepetsetsa imene muyenera kudyera, choncho funsani musanakhale pansi. Kwa wophunzira, timalo tating'ono ta fado vadio, kumene aliyense wodziwa amaimirira n'kuimba, n'totsika mtengo. Kuimba kumayamba mochedwa, chakudya chitaperekedwa. Magetsi akachepetsedwa, operekera zakudya amaima, ndipo inunso siyani foloko, tsekani foni, musalankhule, chifukwa m'nyumba zambiri woimba alibe maikolofoni. Amaimba nyimbo zitatu kapena zinayi, magetsi n'kuyakanso. Mukafika kuimba kuli mkati, dikirani pakhomo mpaka nyimboyo ithe. Ngati mungadzalimbe mtima kuimba nokha, uzani oimba magitala zinthu ziwiri musanayambe: dzina la chuni, osati la ndakatulo, ndi kiyi yanu.